Galimoto yopanda denga, adzukulu opanda makutu

Adzukulu anga, bwerani kuno mukhale pansi, ndipo timafoni tanuto mutigoneke chafufumimba pamkekapo, pakuti ine ndikamayankhula ndimafuna kuona maso a anthu, osati maliwombo a mitu yowerama. Nkhani yanu yandipeza. Inu mumayesa nkhalamba siimva, chonsecho khutu la nkhalamba limafika ku Zolozolo n'kubwerako osakwera ndi njinga ya sakaramento yomwe. Akuti galimoto ya mng'ono wanga, agogo anu aang'ono a ku Chimaliro, ija yobiriwira ya mipando iwiri, ya denga la lona lochita kupinda, mwaijambula mbali zonse n'kuiika pa Facebook kuti ili pamalonda. Akutinso pansi pa zithunzizo mwalembapo, m'Chingerezi chanu chija chodula mawu pakati, kuti wogula asayang'ane ukalamba wake, chifukwa m'zaka zikudzazi galimoto imeneyi idzasanduka chuma chosowa, cholimbirana anthu a ndalama. Mtengo wake mwaulemba m'madola. Ha! Kalanga ine, ndidakhaliranji ndi moyo mpaka kudzaona zotere?

Ndidadabwa kale mwezi wathawu nditamva kuti mwaitsuka, mwaipukuta, mpaka matayala omwe mwawapaka polishi wa nsapato, inu amene mbale yomwe mwadyera mumaisiya pomwepo kuti idzitsuke yokha. Ndidati kapena ana aja atembenuka mtima. Kani mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tsono ndiloleni ndifunse funso limodzi la munthu amene sadapite patali ndi sukulu. Ngati galimotoyo idzakhala chuma mawa, mukuigulitsiranji lero? Ndiyankheni. Mwangoti zii, maso kumwamba. Wogula wanzeru, ngati alipo, adzakufunsani funso lomweli, ndipo inu mudzangokanda m'mutu. Yankho lake ine ndikulidziwa, musavutike n'kupeka bodza. Mukufuna Sienta. Mukufuna muziima pa depoti kuitanira a ku Ekwendeni ndi a ku Nkhata Bay, ena pamipando, ena pamiyendo ya anzawo, thumba la usipa kubuti. Sindinyoza ntchito ayi, Sienta yadyetsa mabanja ambiri mumzinda muno, ndipo ine ndemwe ndimaikwera popita kuchipatala. Koma kuti chinthu chimene munthu wachisamala zaka zoposa 20 chithere pa galimoto imene pakatha zaka zitatu chitseko chake chizimangidwa ndi chingwe, adzukulu anga, ndidyeretu chire adasowa mbewu.

Inu simuidziwa galimoto imeneyi, mumangodziwa kujambulitsa mutatsamira boneti. Lekani ndikuuzeni. Idapangidwa ndi kampani ya Mazda ya ku Hiroshima, ku Japan. Mtundu wake udatuluka mu 1989. Kwawo ku Japan ankautcha Eunos Roadster, ku Ulaya MX-5, ku America Miata. Ya kwathuyi ndi ya 1995, ya m'badwo woyamba, uja nyali zake zimatsinzina masana n'kuphenya usiku, ndipo kulemera kwake ndi pafupifupi tani imodzi basi. Mng'ono wanga adaiitanitsa kudzera ku doko la Dar es Salaam ena a inu musanabadwe, nakaitenga yekha, kudutsa nayo pa Songwe, pa Karonga, n'kukwera nayo mapiri a Chiweta denga atalipinda, iye ali tayale, chipewa chili pamutu. Tsiku limene adafika, abale tidasonkhana kudzaona. Mmodzi adaizungulira nafunsa kuti thumba la chimanga lizikhala pati. Wina adafunsa kuti nanga apongozi akadwala usiku azikwera pati. Mlamu wanga, amene pakamwa pake sipadaumepo chibadwire, adati: "Akulu adanena kuti mutu umodzi susenza denga, ndiye mwaona, uyu wangolisiyiratu ku Japan konko."

Ine ndidatsutsa tsiku lomwelo, ndipo ndikutsutsabe mpaka lero. Galimoto yovula denga ndi ya kumaiko kumene dzuwa amachita kulipempherera, kapena tinene ya ku Mangochi ndi ku Salima. Koma kuno ku Mzuzu? Kuno kumene mvula ikayamba imaiwala njira yobwerera kwawo, anzathu a ku Lilongwe akukolola ife tikuvumbwabe; kumene mu Juni ndi Julayi mawawa ndi nkhungu zimatsika ku Kaning'ina, chisanu n'kumalowa mpaka m'mafupa? Masiku athu woyenda wopanda denga anali mmodzi m'dziko lonse lino. Kamuzu ankakwera Rolls-Royce yofiira yotsegula pamwamba, kapena ankaimirira pa Land Rover, litchowa lili m'manja, msewu utatsekedwa, amayi a mbumba akuimba m'mbali. Galimoto yotere inali yoti anthu akuone, ndipo inkayenda pang'onopang'ono, mwaulemu, chifukwa wofuna kuonedwa sathamanga. Inu mukapinda denga, magalasi akuda ali kumaso, nyimbo zogonthetsa m'khutu, liwiro la mtondo wadooka kuchokera pa Katoto mpaka ku Luwinga, n'kubwerera kunyumba tsitsi lili mbuu ndi fumbi. Akuoneni ndani? Koma ndasochera, lekani ndibwerere m'njira.

Chimene chidandichititsa kuti ndiyambe kuipatsa ulemu galimoto ija si maonekedwe ake ayi, koma kasungidwe ka mwini wake. Tsegulani kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa wokwera, ngati simudakhuthulemo kale zinthu kuti muikemo machaja anu. Muli kope la ana a sukulu, la chikuto cha khaki, lomangidwa ndi labala. M'kopemo mng'ono wanga adalemba ndi dzanja lake tsiku lililonse limene adasintha oyilo, makilomita amene galimoto inali itayenda, dzina la oyiloyo ndi mtengo wake. Tsiku limene adasintha mapulagi, mabuleki ndi madzi a mu redieta. Tsiku limene lamba wa mu injini, uja amafuna kusintha pakatha makilomita pafupifupi 100,000, adamuchotsa asanaduke. Malisiti onse adawamata kumapeto kwa kopelo. Loweruka lililonse m'mawa ankaitulutsa mu galaja, kusolola kachitsulo koyezera oyilo, kukapukuta pa kansalu koyera, kukabwezera, kukasololanso, n'kukayang'anitsitsa padzuwa. Akatero ankatenga kawaya kofewa n'kutokosa timabowo tiwiri tobisika kuseri kwa mipando, m'mene madzi a padenga amatsikira. Inu mukudziwa kuti kuli timabowo kumeneko? Simudziwa. Timabowo timeneto tikatsekeka ndi masamba ndi fumbi, madzi amasowa kolowera, amakhazikika m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko, ndipo dzimbiri limayamba kudya kuchokera m'kati, kunjaku penti ili waliwali. Galimoto zambiri za mtundu uwu zidafa imfa imeneyi, ku England ndi kwina konse kwa chinyontho. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Denga sankalipinda lili lonyowa. Ankayamba walipukuta, kuliumitsa pamthunzi, kutsegula zipi ya zenera la pulasitiki la kumbuyo, kuligoneka bwinobwino pa kathawulo kuti lisathyoke, ndiyeno n'kupinda. Malabala a m'mbali mwa magalasi ankawapaka mafuta ake kuti asaume ndi kung'aluka. Ndipo sankabwereketsa. Ngakhale mkulu wa mpingo atabwera ndi chipewa m'manja, iye ankati uzani kumene mukupita ndikuperekezeni ndekha, pakuti khasu lobwereka silikhala kuthyoka. Mawondo ndiwo adamugonjetsa. Galimotoyo ndi yotsika zedi, kulowamo n'kugwada, kutulukamo n'kupemphera. N'chifukwa chake adakupatsani makiyi, kuti muziiliza, muziiyendetsako pang'ono matayala asaphwe mbali imodzi. Sadakupatseni kuti muitsatse.

Ndipo musayese kuti iye yekha ndiye anali wotero. Unali mtundu wa anthu a nthawi imeneyo. Amuna amene adapita ku Wenela ndi ku Theba, ndi ena amene adatchona ku Bulawayo ndi ku Joni, ankabwerako ndi njinga ya Humber kapena Raleigh, wailesi ya Supersonic, makina osokera a Singer, ndipo zinthu zimenezi zinkakalamba limodzi ndi eni ake. Njinga inkapachikidwa kudenga nthawi ya dzinja kuti ingadye matope, tcheni chake chikudontha oyilo, belu likuwala. Wailesi inkavekedwa kansalu koluka. Lero galimoto zikungotsika pa Songwe tsiku ndi tsiku, zoitanitsa pa foni kwa a Be Forward ndi anzawo, Vitz, Passo, Mira, Probox, kudutsa mumzinda muno zili pamzere. Munthu akugula chaka chino, chaka chamawa watopa nayo, ati yatha fashoni. Zonsezo n'za otomatiki, mwakuti mwendo wanu wa kumanzere udafa kale dzanzi. Ya agogo anuyi ndi ya giya ya pamanja, yofuna munthu wodziwa kumvana ndi kilatchi pachitunda, ndipo ndamva m'mene mumailizitsira mano mukamasintha giya. Ndimangoti mayo, chitsulo chikadakhala ndi pakamwa!

Tsono tcherani khutu, pakuti pamene pagona nkhani ndi apa. Mwamva pa intaneti kuti galimoto zakale zikugulidwa ndalama zoopsa, ndipo wina wa inu adandiwerengera za Mercedes-Benz ya 1955 imene idagulidwa mayuro 135 miliyoni mu Meyi 2022. N'zoona. Koma adakuuzani kuti za mtundu umenewo zidapangidwa ziwiri zokha pa dziko lonse lapansi? Ya agogo anuyi, m'badwo wake woyamba wokha adapanga zoposa 400,000, ndipo pofika mu Epulo 2016 a Mazda anali atatulutsa ya nambala 1 miliyoni. Si chinthu chosowa ichi. Chosowa n'kupeza imodzi yopanda dzimbiri, yosagundidwapo, yosasinthidwa ziwalo ndi anyamata okonda phokoso, yokhala ndi mbiri yolembedwa kuyambira tsiku limene idatsika m'sitima. Ndiye kuti chuma chimene mukutsatsacho, theka lake lili m'kope la khaki lija, ndipo kopelo simudalijambule n'komwe. Mwajambula matayala opaka polishi.

Sindikana kuti m'mawu anu muli kachilungamo pang'ono. Nkhalamba nayo imawerenga nyuzi. A Mazda enieniwo mu 2017 adayamba kulandiranso galimoto za m'badwo woyambawu ku Japan kuti azizikonza zibwerere mwakale, nayambanso kupanga zina mwa zipangizo zake, ndi denga lomwe. Kampani siichita zotere pa chinthu chopanda okonda. Ku America lamulo limalola galimoto yakunja imene yakwanitsa zaka 25 kulowa popanda kuiyeza ndi malamulo a galimoto zatsopano, n'chifukwa chake zina za ku Japan za m'ma 1990 zakwera mtengo. Ku Britain ikapitirira zaka 40 amaleka kuilipiritsa msonkho wa pamsewu. A ku Joni nawonso ali ndi Gusheshe wawo, BMW 325iS, amene anyamata a ku Soweto amamulira usana ndi usiku. Kawafunseni amalume anu a ku Mzimba amene amayenda uko. Zonsezi n'zoona, koma n'zoona za kwa eni ake.

Wogula wanuyo ali kuti? Ku South Africa salola galimoto zogwiritsidwa kale ntchito kulowa chisawawa. Ku Kenya yopitirira zaka 8 salandira. Wa ku America ali nazo zake zambirimbiri pakhomo, ndipo akafuna ya chiwongolero cha kumanja aitanitsa ku Japan, sangadzaifune ku Chimaliro kuti iyambenso ulendo wa ku Dar es Salaam chobwerera m'mbuyo. Otsala ndi athu omwe ano: kapena bwana wina wa ku Area 43 ku Lilongwe, makilomita oposa 350 kuchokera pano, kapena wa ku Namiwawa ku Blantyre, amene ali ndi galimoto zina zoyendera masiku onse ndi galaja yosadontha. Anthu otere m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo sagula pa chithunzi. Amene akukuimbirani foni ndikuwadziwa ine. Ndi madobadoba ofuna kuikapo yawo pamwamba. Ndi wina wofunsa mtengo wotsiriza asanaione n'komwe. Ndi wina wofuna kusinthana ndi puloti ya ku Dunduzu yopanda mapepala. Ndi mnyamata amene wangochoka ku okushoni, ndalama za fodya zikumuyabwa m'manja, amene adzailowetsa ku Mchengautuwa m'kati mwa dzinja, pansi pake n'kukhula pa hampu yoyamba, sampu n'kubooka pa mwala wachiwiri, pakutha pa chaka nkhuku n'kumaikiramo mazira kuseri kwa nyumba. Mwaziona zotere m'makomo mwa anthu, zitakhazikidwa pa njerwa, udzu utamera mu injini. Nazonso zinali ndi eni ake ozikonda.

Ndipo za mawa musamalonjeze mwachibwana mumzinda uno, chifukwa mzinda wa Mzuzu weniweniwu udabadwa ndi lonjezo lotere. Cha m'ma 1947 atsamunda adatsegula kuno minda ya mitengo ya tung. Mafuta a njere zake ankapangira penti ndi vanishi, ndipo ankati ndicho chuma cha mtsogolo cha chigawo chino. Kudabwera mankhwala opangidwa m'mafakitale olowa m'malo mwake, mtengo udagwa, mindayo idatha. Mzinda ndiwo udatsala, mpaka kudzalandira ulemu wa mzinda waukulu mu 1985. Ana inu, mtengo wa tung mungauloze? Pitani ku Chikangawa. Paini yense uja, mahekitala oposa 50,000, adadzalidwa poyembekezera fakitale ya mapepala imene inkayenera kumangidwa ku Chintheche. Fakitaleyo siidamangidwe, nkhalangoyo macheka ndi moto ndizo zidagawana. Amene adalinganiza zimenezi anali anthu ophunzira, a mataye m'khosi, a mapepala odzaza masamu, ndipo mawa lidawakana. Ndiye inu, amene simudziwa ngakhale kumene kuli timabowo ta madzi, mukulonjeza mlendo mtengo wa zaka 15 zikudzazo, n'kumulipiritsiratu lero? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Chabwino, tinene kuti mwapeza wogula, wakupatsani makwacha odzaza chikwama. Mudzawasunga kuti? Ine kwacha ndidaiona ikubadwa mu 1971, makwacha awiri kusintha paundi imodzi, tambala ikugula kanthu. Inu mudaona ndi maso anu mu Meyi 2022 ikuchepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Dola imene inali K1,180 idadzuka m'mawa ili K1,700, ndipo amene adagulitsa galimoto sabata ya m'mbuyo mwake adangogwira pakamwa. Chitsulo chosungidwa bwino sichichepetsedwa mphamvu ndi chikalata cha ku Reserve Bank. Tsiku limene mudzailire, mukadzafuna kuitanitsa ina yonga iyo, mudzapeza kuti kwa a MRA galimoto ikakhala yakale msonkho wakenso umakwera, madola ogulira muli kuwasaka kwa anyamata osintha ndalama m'misewu. Madzi akatayika saoleka, adzukulu anga, saoleka.

Kale galimoto sinkagulitsidwa chonchi. Poyamba zinali zochepa: Ford za ku Mandala, Peugeot 404 ndi 504, Land Rover za boma ndi za ku mishoni. Mumzinda monse tinkadziwa kuti iyi ndi ya a dokotala, iyi ndi ya a hedimasitala, ndipo tinkadziwanso mayendetsedwe a aliyense. Munthu akafuna kugulitsa ankalemba kakalata n'kukamata pa bolodi la pakhomo pa PTC, kapena ankangonong'oneza mnzake mmodzi potuluka m'tchalitchi, pofika Lachitatu nkhani yafika kwa woyenera. Wogula ankabwera kunyumba, osati kukumana pomwetsera mafuta madzulo. Ankalonjeredwa, kumwa tiyi, kufunsana za kumudzi ndi za mvula, galimoto ili apo osaitchula n'komwe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako makaniko amene wabwera naye ankayala chiguduli n'kulowa pansi chagada, tochi ili kukamwa. Akatuluka ankatenga sikuludilaiva yaitali, nsonga pa injini, chigwiriro kukhutu, atatsinzina, kumvetsera ngati m'katimo muli chogogoda. Ankapita kumbuyo kukaona utsi: wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo, woyera wosatha ndiye kuti madzi akulowa posayenera, wakuda ndiye kuti ikumwa petulo mopitirira muyeso. Ndiyeno ankaitsitsa msewu wa ku Nkhata Bay n'kuikwezanso zitunda zija, chifukwa galimoto yonama pachigwa imaulula pamtunda. Malonda ndi m'maso.

Ndipo wogulitsa ankatchula yekha zilema. Zinali ngati kugulitsa ng'ombe ya pangolo kwa munthu wa mudzi woyandikana nawo: umamuuziratu kuti iyi imamenya theche ukaidzera kumanzere, chifukwa mawa mudzakumana pamaliro, ndipo ng'ombeyo idzakhala itanena kale zonse. Wogulitsa ankafunsanso mafunso ake. Mukaisunga pati? Galaja muli nayo? Aziyendetsa ndani? Ndidaonapo mkulu wina akubweza ndalama zili kale patebulo, chifukwa wogula adatseka chitseko mochita kumenyetsa. Pamapeto pake ankalemberana kalata pamaso pa mboni, n'kupita limodzi ku Road Traffic kukasintha dzina pa bulu buku, osati zanu zija zoti galimoto yadutsa m'manja mwa anthu anayi, mapepala akadali m'dzina la munthu amene adatsikira kulichete kalekale.

Inu mwalemba kuti ilibe vuto lililonse. Ogo! Ndidapitako ndekha kukaiona. Zenera la kumbuyo lija lili ndi mzere woyera pakati, chizindikiro choti wina adapinda denga osatsegula zipi. M'kati mukununkha chinyontho, ndipo kapeti ya kuseri kwa mpando wa dalaivala ndi yonyowa. Batire lidatha, mwakhala mukuiliza mochita kukankha, anthu a ku Chimaliro akuonerera kuseri kwa makatani. Pansi pa boneti ndidapezamo zitsononkho zodyedwa ndi makoswe, ndipo khoswe akamanga mudzi m'galimoto ndiwo zake ndi mawaya. Petulo amene ali mu thanki ndi uja mudamugonera pamzere miyezi yapitayo. Kodi simudziwa kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, kuyambira mu 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa idayamba ntchito? Petulo wotere akakhalitsa amakoka chinyontho, thanki n'kuchita dzimbiri, timapaipi n'kutsekeka. Galimoto siifa ndi kuyenda kokha, imafanso ndi kukhala. M'kope la khaki lija mzere womaliza ndi wa dzanja la agogo anu. Chilandirireni makiyi palibe walembamo ngakhale kadontho. Zimene munthu adasamala zaka ndi zaka mwaziyamba kuzigumula m'miyezi yowerengeka, ndiye mukuti chuma cha mtsogolo! Lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza, ndipo ichi chadza ndi inu.

Musandiyang'ane choncho, sindikudani. Ndinu magazi anga, ndipo ena a inu ndidakuberekani kumbuyo amayi anu ali kumsika. Ndikudziwa kuti ntchito zikusowa, madigiri a ku Mzuni ali m'masutikesi, ndipo galimoto ya mipando iwiri siibweretsa ufa m'nyumba. Koma mukadabwera kudzafunsa, tikadakhala pansi ndi mwini wake. Kapena tikadati m'miyezi ya maukwati, pamene mvula yapumira, akwati azijambulitsirapo pakhomo pa tchalitchi n'kulipira kangachepe, mmodzi wa inu atagwira makiyi, pakuti kujambula ndilo luso lokhalo limene Mulungu adakupatsani mosaumira. Kapena tikadaganiza zina. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma inu moto mumathamanga nawo ku Facebook. Safunsa adadya phula.

Tsono imvani chigamulo changa. Zithunzi zija muzichotse lero lino, dzuwa lisanalowe. Mawa mupite kwa agogo anu aang'ono, mukagwade, mukawauze ndi pakamwa panu zimene mudafuna kuchita, chifukwa ndikudziwa kuti simudawauze. Akakana, nkhani yathera pomwepo. Akavomera kuti igulitsidwe, muyambe mwaikonza: petulo wakale achotsedwe, batire ligulidwe, kapeti iumitsidwe, COF ndi inshuwalansi zikhale za chaka chino. Mtengo mutchule wa galimoto imene ilipo lero, m'makwacha. Zilema zake muzinene nokha musanafunsidwe. Kope la khaki likhale pamwamba pa bulu buku. Za mawazo musiyire wogulayo akalote yekha kunyumba kwake. Ndipo mudzabwere naye kuno, ndidzamuone m'mene amatsekera chitseko.

Loweruka lino nonse ndikupezeni ku Chimaliro 7 koloko m'mawa, ndi ndowa, kansalu koyera ndi kawaya kofewa. Wochedwa ndiye adzalowe pansi pa galimoto.